CINGWE CA MAGAWO 12: PHUNZIRO LA NGONDYA YOONGOKA

Makolo athu pofuna kumanga nyumba anali kukhoma cikhomo pakati pa malo, namangapo luzi, nazungulira nalo kulemba mzere pansi. Ndipo pa mzere umenewo anaimika nsici. Nyumba yozungulira iribe ngondya, cifukwa cace luzi limodzi linali kukwanira nchito yonse. Koma masiku ano m'midzi yathu, kuyambira ku Petauke kufikira ku Lundazi, anthu aumba njerwa namanga nyumba za ngondya zinai, ndi masukulu, ndi machalichi, ndi masitolo. Nyumba yotere ifuna nzeru yina imene nyumba yozungulira siinaifuna.

Tonse taonapo nyumba yopotoka. Maziko ace anakumbidwa mwa kuyang'ana ndi maso okha, ndipo palibe munthu anazindikira kanthu kufikira tsiku lokhoma malata. Pamenepo bvuto lioneka poyera, pakuti malata acokera ku sitolo ali oongoka, ndipo sabvomera kupotoka pamodzi ndi cipupa. Kumapeto kwace aturuka ngati mano a maceka, ena atsala, ena aperewera, ndipo mvula ipeza polowera. Ndalama za fodya kapena za nsawa za caka conse zathera pa denga lodontha. Akuru anati, kuongola mtengo mpoyamba. Ngondya ya nyumba iongoledwa pa tsiku la zikhomo, njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi.

M'phunziro ili tidzaona lamulo limodzi la masamu limene lithandiza pa nchito imeneyi. Siliri lobvuta. Munthu ali yense wodziwa kucurukitsa ndi kuonkhetsa akhoza kuligwira, ndipo zipangizo zace ndizo cingwe, zikhomo ndi sileti.

1. MAINA OYAMBA KUDZIWA

Ngondya yoongoka ndiyo yonga ya tsamba la buku muli kuwerengali, kapena ya citseko copalidwa bwino. Amisiri aicha ngondya ya sikweya, cifukwa ca citsulo cao coyesera. Mukapacika mwala pa cingwe pamwamba pa madzi odikha, cingweco ndi madziwo zikomana pa ngondya yoongoka.

Cinthu ca mbali zitatu, monga mafuwa atatu mukawalumikiza ndi mizere, ku sukulu acicha thirayango. Mathirayango ali a mitundu mitundu, koma ife tinena za mtundu umodzi wokha, umene uli nayo ngondya imodzi yoongoka. Mbali ziwiri zokomana pa ngondyayo tidzazicha mbali zazifupi. Mbali yacitatu, yopenyana ndi ngondyayo, ndiyo yaitali koposa zinzace nthawi zonse. M'mabuku a sukulu aicha hypotenuse, koma ife tidzangoti mbali yaitali.

Cinthu ca mbali zinai zolingana, ca ngondya zonse zoongoka, tidzacicha bwalo. Kukula kwa bwalo tikupeza pocurukitsa mbali yace ndi iyo yokha. Bwalo la mapazi 3 mbali zonse liri ndi mizere 3 ya timabwalo titatu titatu, ndiye kuti timabwalo 9.

2. LAMULO LACE

Lamulo ndi ili. Pa thirayango ya ngondya yoongoka, curukitsani mbali yaifupi yoyamba ndi iyo yokha, curukitsaninso mbali yaifupi yaciwiri ndi iyo yokha, onkhetsani ziwirizo. Cimene mwapeza cilingana ndi mbali yaitali yocurukitsidwa ndi iyo yokha.

Tiyese ndi citsanzo. Mbali zazifupi zikhale 3 ndi 4.

3 × 3 = 9
4 × 4 = 16
9 + 16 = 25

Tsono tifunse: ndi nambala yanji imene, poicurukitsa ndi iyo yokha, ipatsa 25? Ndi 5, pakuti 5 × 5 = 25. Cotero mbali yaitali ndi 5. Muyeso wace ukhale mamita, kapena mafiti, kapena ndodo imene mwadula nokha, lamulo silisintha. Cofunika ndico kuti mbali zonse zitatu ziyesedwe ndi muyeso umodzi.

Cenjerani ndi colakwa cimene ophunzira ambiri agweramo. Sitionkhetsa mbali zokhazo. 3 ndi 4 zipanga 7, koma mbali yaitali si 7 iai. Ali yense wodula njira pakati pa munda adziwa kuti njira yopingasa ifupika koposa yolambalala m'malire. Zimene tionkhetsa ndizo mabwalo omangidwa pa mbalizo. Mukalima kamunda ka bwalo pa mbali iri yonse ya thirayango, timinda tiwiri tating'ono pamodzi tidzalingana ndi kamunda kakakuru.

3. CIFUKWA CACE LAMULO LIRI LOONA

Munthu wanzeru sangobvomera cinthu cifukwa calembedwa m'buku. Tiyeni tidzionere tokha. Nchito iyi ikhoza kucitika madzulo amodzi, ndi pepala lolimba ndi mpeni.

Dulani mapepala awiri a ngondya zoongoka, liri lonse la magawo 4 m'litali ndi magawo 3 m'lifupi. Cekani liri lonse mopingasa, kucokera pa ngondya imodzi kufikira pa ngondya yopenyana nayo. Tsopano muli ndi mathirayango 4 olingana, onse a ngondya yoongoka. Lembani pa thebulo kapena pansi bwalo la magawo 7 mbali zonse, ndiye kuti 3 ndi 4 pamodzi. M'bwalo limeneli muli timabwalo 49.

Kuyala koyamba: bwezani mathirayango awiri awiri kuti akhale monga anali musanaceke. Ikani pepala limodzi mogona m'ngondya imodzi ya bwalo lalikuru, ndi linzace moimirira m'ngondya yopenyana nayo, kuti nsonga zao zikhudzane. Penyani malo otsala osabvundikirika. Mudzaona mabwalo awiri, lina la magawo 3 mbali zonse, lina la magawo 4 mbali zonse. Ndiwo mabwalo a mbali zazifupi.

Kuyala kwaciwiri: cotsani mapepala, ndi kuika thirayango imodzi m'ngondya iri yonse ya bwalo lalikuru, motsatana, kotero kuti pa mbali iri yonse pagone mbali ya 3 ya thirayango yina ndi mbali ya 4 ya inzace. Tsopano malo otsala ali pakati, ndipo mbali zace zinai ndizo mbali zazitali za mathirayango. Kodi malowo ali bwalo lenileni? Inde. Mbali zace zilingana. Ngondya zace nazonso ziri zoongoka, pa cifukwa ici: ngondya ziwiri zosongoka za thirayango pamodzi zipanga ngondya imodzi yoongoka, monga munaona poceka pepala lija, mzere woongoka uli ndi malo a ngondya zoongoka ziwiri, tsono ngondya zosongoka zija zikatenga malo a imodzi, yotsala pakati pao ndiyo yoongoka.

Tsono lingalirani. Mukayala mphasa zinai m'cipinda, ndi kuzisuntha kuziyala mwa njira yina osazisanjikiza, pansi posabvundikirika sipakula kapena kucepa. Comweconso pano. Poyamba panatsala mabwalo awiri a mbali zazifupi. Kaciwiri panatsala bwalo limodzi la mbali yaitali. Cifukwa cace awiri aja alingana ndi limodzi ili. Mwa manambala: mapepala awiri abvundikira timabwalo 12 ndi 12, ndiye 24, kucotsa 24 pa 49 patsala 25.

Zindikirani kuti m'maganizo awa mulibe kanthu kodalira 3 ndi 4. Mukadadula mapepala a muyeso wina uli wonse, mau onse akadakhala omwewo. Ici ndico cimene anthu a masamu acicha citsimikizo: kuonetsa kuti cinthu ciyenera kutero nthawi zonse, ngakhale pa mathirayango amene palibe munthu anawayesapo.

4. KUKHAZIKA NGONDYA YA NYUMBA

Lamulo ili ligwiranso nchito cobwerera m'mbuyo, ndipo apa ndipo pali phindu la womanga. Ngati mbali zitatu za thirayango zisunga lamulo, pamenepo ngondya yopenyana ndi mbali yaitali iri yoongoka ndithu. Ndiye kuti munthu wokhala ndi cingwe akhoza kupanga ngondya yoongoka popanda sikweya.

Tengani cingwe, mumangepo mfundo zotalikirana molingana, ndi kulumikiza nsonga zace kuti cikhale cozungulira ca magawo 12. Pafunika anthu atatu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Woyamba agwire mfundo imodzi pa cikhomo ca pa ngondya. Waciwiri awerenge magawo 4 kucokera pamenepo, nagwire mfundo yace pa mzere wa cipupa ca kumaso. Wacitatu awerenge magawo 3 kucokera kwa woyamba kunka mbali inayo. Pakati pa waciwiri ndi wacitatu patsala magawo 5. Wacitatu akoke kufikira cingwe conse cakungika, nakhome cikhomo pamene pafika mfundo yace. Mzere wocokera pa ngondya kupyola pa cikhomo cimeneco ndiwo mzere wa cipupa ca m'mbali.

Amene ali ndi tepi yoyesera acite cotere: kucokera pa ngondya ayese mamita 4 pa mzere wa kumaso, nakhome cikhomo, ndipo afune malo amene ali mamita 3 kucokera pa ngondya, ndi mamita 5 kucokera pa cikhomo caciwiri.

Mukacurukitsa manambala onse atatu ndi nambala imodzi, lamulo likhalabe. Pa nyumba yaikuru yesani 6, 8 ndi 10, kapena 9, 12 ndi 15, pakuti thirayango ikakula, kuphonya pang'ono sikuononga kwambiri. Mmisiri wa matabwa ayese masentimita 30, 40 ndi 50, kapena 60, 80 ndi 100. Mwa njira iyi akhoza kudzikhomera sikweya ya matabwa, ndi kuyesanso ngati sikweya yace yakale siinapindike.

Pali macenjezo anai. Loyamba: cingwe ca khonje cisintha utali cikanyowa, ndipo ca nailoni citanuka pocikoka, waya kapena tepi ziposa. Laciwiri: khomani msomali pamutu pa cikhomo, ndi kuyesa kucokera pa msomali, pakuti cikhomo ceniceni ciri cacikuru. Lacitatu: pa malo otsetsereka cingwe cisatsate nthaka, koma cigwidwe cogona molingana ngati madzi a m'mbale. Lacinai: musanene kuti zala zitatu siziri kanthu. Mbali ya mamita 5 ikaperewera masentimita 5 okha, cipupa ca mamita 10 cidzapatuka masentimita 20 pofika kumapeto, ndiye pafupi ndi utali wa njerwa yathunthu.

Lamulo likuuzaninso kumene ngondya yalakwira. Mukayesa 3 ndi 4, ndipo pakati pace paturuka kuposa 5, ngondya yatseguka kopambana. Pakaperewera pa 5, ngondya yapanikizika.

5. KUYESA MOPINGASA

Zikhomo zinai zikakhomedwa, musayambe msanga kukumba. Yesani kucokera pa ngondya imodzi kufikira pa ngondya yopenyana nayo, ndi kuteronso pa ngondya ziwiri zotsalazo. Ngati cipupa ca kumaso cilingana ndi ca kumbuyo, ndi za m'mbali zilingana, ndipo zingwe ziwiri zopingasa zilingananso, nyumba yaongoka. Zikasiyana, sunthani zikhomo kufikira zitalingana.

Ndi lamulo lathu mukhoza kudziwiratu utali wa cingwe copingasa muli khale pakhonde. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi: 64 ndi 36 zipanga 100, cotero copingasa ndi mamita 10. Chalichi ca mamita 24 ndi 10: 576 ndi 100 zipanga 676, ndipo 26 × 26 = 676, cotero copingasa ndi mamita 26.

Kawiri kawiri yankho silituruka lathunthu. Nyumba ya mamita 7 ndi 5: 49 ndi 25 zipanga 74. Tiona kuti 8 × 8 = 64, yacepa; 9 × 9 = 81, yakula. Yankho liri pakati. Tiyese 8.5 × 8.5 = 72.25, yacepabe, 8.6 × 8.6 = 73.96, yafika pafupi ndithu. Cotero copingasa ndi mamita 8 ndi masentimita 60. Nambala yopezeka motere icedwa square root m'mabuku a sukulu, ndipo makina owerengera a m'mafoni aipeza msanga. Koma ndi bwino kudziwa kuifuna pa sileti, kuti muzindikire ngati cala calakwa pobaya.

6. MAPASO, MALATA NDI MAKWERERO

Denga la mbali ziwiri liri ndi mathirayango awiri a ngondya yoongoka obisika m'kati mwace. Mbali yaifupi yoyamba ndiyo theka la m'lifupi mwa nyumba. Yaciwiri ndiyo msinkhu kucokera pamwamba pa cipupa kufikira pa mtanda wa pamwamba pa denga. Mbali yaitali ndiyo phaso.

Titenge nyumba ya mamita 6 m'lifupi. Theka lace ndi mamita 3, ndiye masentimita 300. Mwini afuna denga la malata lokwera masentimita 125.

300 × 300 = 90,000
125 × 125 = 15,625
90,000 + 15,625 = 105,625
325 × 325 = 105,625

Phaso liyenera kukhala masentimita 325, ndipo pamenepo muonjezepo masentimita 40 kapena 50 otuluka kunja kuchinjiriza cipupa ku mvula. Taonani tsono tsoka la munthu wosawerenga. Iye aganiza kuti theka la nyumba ndi mamita 3, nagula malata a mamita 3, nawanyamula pa ngolo ulendo wautali. Pofika kwao apeza kuti aperewera masentimita 25 asanafike ndi pa cipupa pomwe. Safunsa anadya phula.

Denga la udzu lifuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi asakhalitse pa udzu. Msinkhu ukalingana ndi theka la nyumba, ndiye mamita 3 ndi 3, tipeza 9 ndi 9, zipanga 18. Ndipo phaso likhala mamita 4 ndi masentimita 24, osawerengera khonde. Munthu wodziwa ici apita ku chire akudziwa mitengo imene afuna, ndipo sadula yaifupi yongotayika.

Nthawi zina tidziwa mbali yaitali, ndipo tifuna imodzi ya zazifupi. Pamenepo ticotsa m'malo mwa kuonkhetsa. Makwerero a masentimita 500 aimikidwa, tsinde lace liri masentimita 140 kucokera pa cipupa. Kodi afika pati? 500 × 500 = 250,000; 140 × 140 = 19,600; kucotsa patsala 230,400; ndipo 480 × 480 = 230,400. Afika msinkhu wa masentimita 480.

Citseko ca khola kapena ca mpanda cigwa mphuno cikakhala copanda thabwa lopingasa, pakuti cinthu ca mbali zinai cikhoza kupotoka mbali zace zosasintha utali, koma thirayango siikhoza. Citseko ca mamita 2 ndi mita imodzi ndi theka cifuna thabwa lopingasa la mamita 2 ndi theka, pakuti 4 ndi 2.25 zipanga 6.25, ndipo 2.5 × 2.5 = 6.25.

7. KU MUNDA

Alimi a dziko lino adziwa muyeso wa lima, ndiwo gawo limodzi la magawo 4 a hekitala, mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. M'lima imodzi muli timabwalo 2,500 ta mita imodzi mbali zonse. Koma kuyesa mamita 50 kanai sikukwanira. Ngondya ziyeneranso kuongoka. Pa lima yoona zingwe zopingasa zonse ziwiri zikhala mamita 70 ndi masentimita 71, pakuti 2,500 ndi 2,500 zipanga 5,000.

Tinene kuti munda wina uli ndi mbali zonse za mamita 50, koma copingasa cina ndi mamita 60, cina 80. Zingwe ziwirizo zidulana pakati pao pa ngondya yoongoka, ndi kugawa munda m'mathirayango 4 a mbali 30, 40 ndi 50. Iri yonse ndi theka la 30 × 40, ndiye timabwalo 600. Onse pamodzi 2,400. Munda waperewera timabwalo 100, ngakhale malire ace onse ayesedwa bwino. Ukapotoka kopambana, kuperewera kukula. Wobwereka munda, wolipira ganyu ndi wowerengera mbeu ndi feteleza ayenera kudziwa ici, kuti pasakhale wonyengedwa kapena wonyenga mnzace osadziwa. Njira yomweyo ithandiza pobzala mitengo ya zipatso m'mizere, ndi polemba bwalo la mpira la pa sukulu.

8. AMENE ANAPEZA NZERU IYI

M'masukulu lamulo ili lichedwa ndi dzina la Pythagoras, Mgriki wobadwira pa cisumbu ca Samos monga zaka 570 Kristu asanabadwe. Iye anasamukira ku Croton, kumwera kwa Italy, nasonkhanitsa ophunzira amene anakonda kusanthula manambala. Sanasiya buku lolemba yekha. Anthu a m'mbuyo mwace ndiwo anaika dzina lace pa lamuloli.

Koma nzeruyi inadziwika kale iye asanabadwe. Anthu a ku Babylon, m'dziko limene lero lichedwa Iraq, anali kulemba pa mapale a dongo. Phale lina, lolembedwa monga zaka 1,800 Kristu asanabadwe, lisungidwa ku Columbia University mu mzinda wa New York, ndipo alicha Plimpton 322. Pamenepo pali mizere 15 ya manambala osunga lamulo lathu. Mzere woyamba uli ndi 119 ndi 169, amene agwirizana ndi 120. Yesani nokha, mudzapeza kuti 14,161 ndi 14,400 zipanga 28,561, ndiye 169 × 169. Phale lina, losungidwa ku Yale University, lionetsa bwalo ndi zingwe zace zopingasa, ndi muyeso wa copingasa wolondola modabwitsa.

Ku India, zaka mazana angapo Kristu asanabadwe, kunalembedwa malangizo a kayesedwe ka malo omangapo maguwa a nsembe ndi cingwe ndi zikhomo. Buku la Baudhayana lichula lamuloli pamodzi ndi manambala onga 3 ndi 4, 5 ndi 12, 8 ndi 15, 7 ndi 24. Ku China buku lakale lochedwa Zhoubi Suanjing lifotokoza thirayango ya 3, 4 ndi 5. Cotero mitundu yotalikirana, ya zinenero zosiyana, inafika pa coonadi cimodzi.

Monga zaka 300 Kristu asanabadwe, mu mzinda wa Alexandria ku Egypt, m'dziko lathu lino la Africa, munali mphunzitsi dzina lace Euclid. Iye anasonkhanitsa nzeru za miyeso m'mabuku 13 ochedwa Elements. M'buku loyamba, mutu wa 47 utsimikiza lamulo lathu, ndipo mutu wa 48 utsimikiza kubwerera m'mbuyo kwace, kumene womanga adalira pokoka cingwe ca magawo 12.

Agriki anapezanso cinthu cina cozizwitsa. Bwalo la mita imodzi mbali zonse liri ndi copingasa cimene, pocicurukitsa ndi ico cokha, cipatsa 2. Nambala yace iyamba 1.41421, nipitirira kosatha. Iwo anatsimikiza kuti ngakhale mugawe mbali ya bwalo m'tizigawo tolingana tating'ono motani, copingasa sicidzakwana tizigawo tathunthu. Womanga sabvutika nazo, pakuti sentimita imkwanira; koma anthu a masamu anaphunzirapo kuti manambala ali ocuruka mitundu koposa m'mene anayesera.

Kufikira lero anthu apeza njira zatsopano zotsimikizira lamuloli. James Garfield anafalitsa yace m'caka ca 1876, ndipo m'caka ca 1881 anakhala mtsogoleri wa dziko la America. Elisha Loomis anasonkhanitsa njira 370 m'buku lace losindikizidwa m'caka ca 1940. Ndipo m'caka ca 2023 atsikana awiri a sukulu ya sekondale ku New Orleans anaonetsa njira yao pa msonkhano wa akatswiri a masamu, ndipo nchito yao inasindikizidwa m'caka ca 2024. Makolo amene ayesa kuti masamu ndi a anyamata okha alingalire zimenezi.

9. KUPEZA MANAMBALA ENA ATHUNTHU

Pali njira yokondweretsa yopezera manambala atatu athunthu osunga lamulo, imene olemba akale anati inacokera kwa Pythagoras. Tengani nambala yosagawika pawiri, monga 3, 5, 7 kapena 9. Icurukitseni ndi iyo yokha, ndipo yankho muligawe m'manambala awiri otsatana.

3 × 3 = 9, ndiye 4 ndi 5; tipeza 3, 4, 5.
5 × 5 = 25, ndiye 12 ndi 13; tipeza 5, 12, 13.
7 × 7 = 49, ndiye 24 ndi 25; tipeza 7, 24, 25.
9 × 9 = 81, ndiye 40 ndi 41; tipeza 9, 40, 41.

Cifukwa cace cioneka ndi timiyala. Yalani timiyala 16 m'mizere 4 ya tinai tinai. Kuti bwalo limeneli likule kukhala la mizere 5, muonjeza timiyala 4 kumbali imodzi ndi 5 kumbali inzace, ndiye 9. Cotero kusiyana kwa mabwalo awiri otsatana ndiko mbali zao ziwiri pamodzi. Ndipo pamene kusiyanako kuli bwalo pa kokha, monga 9 kapena 25, manambala atatu apezeka.

Tipempha akuru a mipingo ndi a makomiti a masukulu kuti pa tsiku lokhoma zikhomo za nyumba yatsopano aitane ana a sukulu, awapatse cingwe ndi sileti. Mwana amene waona ndi maso ace kuti 9 ndi 16 ziongola cipupa sadzafunsanso kuti masamu apindulanji. Ndipo mmisiri wokalamba, amene wagwira nchito ndi 3, 4 ndi 5 zaka zambiri, adzakondwa kumva cifukwa cace.

MAFUNSO

1. Mbali zazifupi za thirayango ya ngondya yoongoka ndi mamita 9 ndi 12. Pezani mbali yaitali.
2. Womanga wayesa mamita 6 pa cipupa cina ndi 8 pa cinzace, ndipo pakati pace wapeza 11. Kodi ngondya yace iri bwanji?
3. Cipinda ca sukulu ciri mamita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi. Cingwe copingasa cikhale cotalika bwanji?
4. Waya wa mamita 6 ndi theka wamangidwa pa nsonga ya mlongoti wa mamita 6. Cikhomo cace cikhomedwe patali bwanji ndi tsinde la mlongoti?
5. Munthu ayenda makilomita 12 kunka kum'mawa, napotoloka, nayenda makilomita 5 kunka kumpoto. Akadadula njira yoongoka akadapulumutsa makilomita angati?
6. Pezani manambala atatu athunthu oyamba ndi 11.

MAYANKHO

1. Mamita 15, pakuti 81 ndi 144 zipanga 225.
2. Siiri yoongoka, yatseguka kopambana, pakuti payenera kukhala 10.
3. Mamita 17, pakuti 225 ndi 64 zipanga 289.
4. Mamita 2 ndi theka, pakuti kucotsa 36 pa 42.25 patsala 6.25.
5. Makilomita 4, pakuti njira yoongoka ndi 13, ndipo iye anayenda 17.
6. 11, 60 ndi 61, pakuti 11 × 11 = 121, ndiye 60 ndi 61.